Kulongedza katundu m'kalavani yaing'ono: yambani ndi sikelo, makabati abwere pambuyo

Munthu akangolowa m'kalavani yoti azikhalamo, maso amathamangira ku makabati. Amawerenga zitseko n'kuyamba kugawa: apa mapoto, apo zovala, kunsi kwa bedi masutikesi. Ikatha miyezi iwiri, malaya ayamba kununkha chuku, chitseko cha kabati yam'mwamba chalendewera, ndipo tsiku losamuka kalavani ikuvina kumbuyo kwa galimoto. Malo analipo ndithu. Chimene sichinawerengedwe ndi kulemera kwa katundu ndiponso njira zimene mpweya umadutsa.

Malangizowa ndi a kalavani yokokedwa ndi galimoto, yotalika mamita 4 mpaka 6, monga ma Sprite, Jurgens ndi Gypsey a ku South Africa, kapena ma Swift, Bailey ndi Elddis a ku Britain. Ndimo mmene abale ena amagona akakhala pa ntchito ya kumafamu, ya zomangamanga, kapena akachita lendi kuseri kwa nyumba ya munthu. Ngati yanu inakhazikidwa pamalo amodzi ndipo siyendanso, za kulemera sizikupanikizani kwambiri, koma za gasi ndi chinyezi musadumphe.

1. Pezani kachitsulo kolembedwa manambala

Kamakhala pafupi ndi chitseko chakunja, cham'munsi, kapena pa zitsulo zakutsogolo zokokera. Pali manambala awiri ofunika. Ku Britain yaikulu amailemba kuti MTPLM, ndiko kulemera kumene kalavani siyenera kupitirira italongedzedwa, ndipo yaing'ono ndi MRO kapena MiRO, kulemera kwake isanalowe katundu wanu. Ku South Africa yaikulu amailemba kuti GVM, yaing'ono Tare. Chotsani yaing'ono pa yaikulu. Tinene kuti yaikulu ndi 1,300 ndipo yaing'ono ndi 1,150: katundu wanu yense asapose makilogalamu 150.

Nambalayo imaoneka yaikulu mpaka mutayamba kuwerengera. Batire la asidi la 110Ah limalemera makilogalamu pafupifupi 25. Silinda ya gasi ya makilogalamu 9 ikadzaza imafika cha m'ma 20, chifukwa chitsulo chakenso n'cholemera. Ya makilogalamu 6 ya kampani ya gasi ya Calor ku Britain imakhala cha m'ma 15. Madzi ndi kilogalamu imodzi pa lita, ndiye chigubu cha malita 20 ndi makilogalamu 20. Onjezani thumba la ufa la makilogalamu 10. Mwadya kale theka, musanaike ndi kabudula yemwe. Opanga ena amawerengera kale silinda imodzi m'nambala yaing'ono ija, ena ayi, choncho onani m'buku la kalavani ngati lilipo.

Kalavani yakale musaikhulupirire manambala. Amene anali nayo kale mwina anaikamo mashelefu a matabwa, matailosi kapena matiresi olemera. Ipititseni ili yopanda kanthu pa sikelo yoyezera magalimoto. Malo ogula zitsulo zakale kawirikawiri amakhala nayo, ndipo amalipiritsa pang'ono.

2. Tulutsani zonse panja

Sankhani tsiku lopanda mvula, yalani lona, ndipo tulutsani chilichonse, ngakhale masipuni. Yezani ndi sikelo yoyezera anthu: imanipo mutanyamula katunduyo, kenako chotsani kulemera kwa thupi lanu. Lembani m'kope.

Gawani milu itatu: zogwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku, za kamodzi pa sabata, ndi zodikira nyengo monga majekete ndi mabulangete achisanu. Mukatero mupeza kuti patsala mulu wina umene sukulowa paliponse, ndipo nthawi zambiri ndi katundu wogulira kumudzi: mapoto atsopano, wayilesi, nsapato za ana, mabulangete ali m'mapepala awo. Ameneyu ndiye amadya kalavani. Musamusunge kudikira Disembala. Thumba likadzaza, litumizeni ndi onyamula katundu, kapena pemphani malo kwa mbale amene ali ndi nyumba ya njerwa.

Zimene mukukayika nazo, matanipo kachidutswa ka tepi ya pepala. Tsiku limene mwagwiritsa ntchito chinthucho, chotsani tepiyo. Pakutha mwezi, chimene chikadali ndi tepi chituluke, kupatula za nyengo, mankhwala ndi zida zokonzera.

3. Dziwani malo oletsedwa musanaikemo kanthu

Apa m'pamene anthu ambiri amalakwitsa, ndipo kulakwitsa kwake kumapha. Kalavani ili yopanda kanthu, tukulani mipando yonse ndi bedi, tsegulani makabati onse apansi, muunikemo ndi tochi.

Muona timabowo pansi, tina totchingidwa ndi sefa, makamaka m'bokosi la gasi lakutsogolo, kunsi kwa sitovu, kwa firiji ndi kwa chotenthetsera. Si kuwonongeka ayi. Gasi wophikira ndi wolemera kuposa mpweya, ndiye akadontha amatsika pansi ngati madzi, n'kutulukira m'mabowomo. Mukaikapo katoni kapena kutsekapo ndi nsanza pothawa mphepo, gasiyo amadikha m'kati kudikira machesi. M'bokosi la gasi muzikhala masilinda okha, ataimirira ndiponso atamangidwa ndi malamba ake. Petulo, penti, mabatire ndi nsanza za mafuta zisalowemo. Ngati mukuopa mbewa, tchingani mabowowo ndi sefa ya waya ya maso osaposa mamilimita 6, osati thabwa.

Kunsi kwa mpando umodzi mupeza chotenthetsera madzi, pampu, bokosi la mafyuzi ndi chotchajira batire. Zimenezi zimatentha ndipo zimafuna kupuma. Zisiyireni mpata wa chikhatho chimodzi mbali zonse, ndipo dulani kachidutswa ka pulayiwudi mutchinge, kuti katundu asamasendere pamenepo. Ngati muli mapaipi ofewa onyamula mpweya wotentha, samalani nawo, chifukwa sutikesi imodzi imawaphwanya n'kukhala ngati chitini chopondedwa, kenako mbali ina ya kalavani siitenthanso.

Batire lili ndi malo akeake otulukira mpweya kunja. Sipanala kapena foloko ikagwera pa mitu yake iwiri, moto wabuka. Kunja, zitseko za mizeremizere zakuseri kwa firiji zisatsamiridwe ndi njinga kapena matabwa, apo ayi firiji siziziritsa.

Tengani tepi yofiira mulembe malire pansi kuzungulira malo onsewa. Zikuoneka ngati zachibwana, koma tsiku lina mudzalongedza muli wotopa, kapena adzalongedza ndi mlendo.

Chozimitsira moto, bulangete lozimitsira moto ndi tochi zikhale pafupi ndi chitseko. Pasipoti, zilolezo ndi makhadi zikhale m'kachikwama kosalowa madzi pomwepo, poti dzanja lifike mumdima. Mbaula yamakala isalowe m'kati ngakhale kuzizire bwanji, ngakhale makala ataoneka ngati azima. Mpweya wake sununkha, ndipo m'kachipinda kotere munthu amangogona osadzukanso. Gulani alamu yochenjeza za mpweya wakuphawu, wotchedwa carbon monoxide, ndipo musaibise kuseri kwa zovala.

4. Cholemera pansi ndi pakati, chopepuka m'mwamba

Imani panja muone pamene pali matayala. Mzere wa ekiselo, chitsulo cholumikiza matayala a mbali ziwirizo, ndiwo msana wa kalavani. Zolemera zonse, monga ufa, mpunga, zitini, mafuta ophikira, bokosi la zida ndi tenti yapakhomo, zikhale pansi penipeni, pamwamba pa ekiselo kapena patsogolo pake pang'ono, osatalikira kuposa mita imodzi. Zolemera pakatikati, monga nsapato, mapoto ndi zovala zopindidwa, zipite kunsi kwa mipando ndi m'makabati ofika m'chiuno. Makabati akudenga ndi a zinthu zoti zitakugwerani pamutu mungoseka: matawulo, masokosi, tiyi, buledi, makapu apulasitiki.

Chifukwa chake n'chakuti katundu wolemera akakhala m'mwamba, kalavani imapendekeka pokhota ndiponso ikawombedwa ndi mphepo ya thiraki yodutsa. Akakhala kumbuyo kwenikweni, imayamba kupukusa mchira uku ndi uku, ndipo kupukusako kumakula mpaka kugwetsa ndi galimoto yomwe. Vuto ndi lakuti makalavani ambiri ali ndi bedi lalikulu kapena bafa kumbuyo, ndipo malo aakulu kwambiri ali kunsi kwa bedi limenelo. Amakopa. Ikaniko zazikulu koma zopepuka: mapilo, zikwama zopanda kanthu, mipando yopinda.

Onaninso kumanja ndi kumanzere. Khitchini, firiji ndi uvuni kawirikawiri zimakhala mbali imodzi, ndiye ndowa ya ufa ndi zitini zipite mbali inayo.

Ngakhale kalavani yosayenda, makabati akudenga anangogwidwa ndi timasikuluu tating'ono pa matabwa opyapyala. Mbale zadothi khumi ndi mabotolo a mafuta zimawazula pang'onopang'ono. Chizindikiro choyamba ndi kampata kooneka pakati pa kabati ndi denga, kapena chitseko chimene chayamba kukana kutsekeka.

5. Yezani khomo la kabati, osati m'kati mokha

Musanagule bokosi lililonse, yezani ndi tepi zinthu zinayi: m'lifupi mwa khomo, msinkhu wa khomo, kuya kwa pansi, ndi kuya kwa m'mwamba. Makomo a makabati a kalavani ndi aang'ono kuposa m'kati mwake chifukwa cha mlomo wotchinga kutsogolo ndi mahinjesi, ndipo akudenga amapindika kumbuyo kutsatira denga. Bokosi loti likanakwana m'kati limakakamira pakhomo. Chotsani sentimita imodzi pa muyeso uliwonse. Ngati mukukayika, dulani katoni muyese kaye.

Sankhani makontena a makona anayi. Ozungulira amasiya mipata m'makona. Kunsi kwa mipando zimayenda bwino ndi zikwama zofewa za zipi, chifukwa zimalowa m'mipata yokhotakhota. Mabokosi atatu aang'ono aposa limodzi lalikulu, poti lalikulu mumachita kuchotsa makushoni onse kuti mulitulutse. Lembani dzina la zam'kati pachivundikiro, mbali imene mumaona mukatukula mpando.

6. Khitchini

Ufa uchoke m'thumba lake la pepala tsiku lomwelo. Makilogalamu 10 amakwana bwino m'ndowa ya malita 20 ya chivundikiro chothina, n'kutsala malo a kapu yotungira. Ndowayo ikhale pansi pafupi ndi ekiselo, ndipo ikhoza kukhalanso mpando. Musagule thumba la makilogalamu 25 kapena 50 chifukwa chotchipa: m'kalavani mumatentha masana n'kuchita thukuta usiku, ufa umaumbika, umawawa, ndipo anankafumbwe sachedwa. Gulani wa masabata awiri kapena atatu. Ndowa ikatha, itsukeni ndi kuiumitsa musanathiremo wina.

Usipa, matemba ndi kapenta zikhale m'kontena yotseka ndi labala. Mukazisiya m'jumbo, pakutha sabata makatani, makushoni ndi yunifolomu yakuntchito zonse zikhala zikununkha nsomba, ndipo fungo likalowa m'siponji silituluka msanga. Shuga nayenso atsekedwe, chifukwa nyerere zimakwera kudzera m'miyendo inayi ya kalavani ndi pa chingwe cha magetsi.

Mapoto atatu olowetsana akwanira: ya nsima, ya ndiwo, ndi ina yaing'ono, kuphatikiza chiwaya chimodzi. Ikani kansalu pakati pawo kuti asakhulane ndi kusokosa. Zivundikiro ziimirire m'mbali. Mbale ziimirirenso chammbali ngati mabuku, m'kachoikamo mbale, ndipo za melamine (pulasitiki wolimba) kapena zachitsulo n'zabwino kuposa zadothi. Mthiko, chipande ndi masipuni aatali zilowe m'chitini chachitali chomangiriridwa pakona, kutali ndi moto wa sitovu. Mipeni ikhale m'dilowa ili m'zikwama zake. Yokoloweka pa maginito imaoneka bwino pa zithunzi, koma pa msewu wa mabampu imauluka.

Yalani kamphasa ka labala kosaterera pa shelefu iliyonse. Kutsogolo kwa mashelefu a mabotolo pingasani kandodo ka sipuling'i ka makatani, kapena kokani legeni pakati pa timbedza tiwiri. Mipata yotsala tsekani ndi matawulo a mbale.

7. Zovala, zofunda ndi chinyezi

Khoma la kalavani ndi lopyapyala, ndipo usiku limazizira msanga. Mpweya wofunda wam'kati ukaligunda umasanduka madontho, ngati pa botolo lochokera m'firiji. Madziwo amachokera kwa inu nomwe: kupuma, kusamba, zovala zonyowa, nthunzi ya nsima. Gasi yemwe amawonjezera, chifukwa kilogalamu imodzi ya gasi wa propane ikapsa imatulutsa madzi oposa lita imodzi ndi theka. M'chisanu cha ku Britain kapena cha ku Western Cape, madziwa amatsikira kuseri kwa katundu kumene simuona.

Choncho chilichonse chansalu kapena chachikopa chisagunde khoma lakunja. Siyani mpata wa masentimita 3 mpaka 5. Kabati isadzaze mpaka kukamwa. Gawo limodzi mwa magawo asanu likhale la mpweya. Pansi pa mabokosi akunsi kwa bedi ikani timatabwa tiwiri kuti asakhale pansi penipeni. Makatoni atayeni, amamwa madzi ndipo mphemvu zimaikira mazira m'mipata yake.

Matiresi ndiwo amayamba kuvunda. Akakhala pa thabwa losabowola, thukuta la usiku limatsikira pansi n'kusowa kotulukira, ndipo mukadzatembenuza mupeza madontho akuda. Ikani timatabwa tamipata kunsi kwake kapena ukonde wokhuthala wogulitsidwira ntchito imeneyi. Ngati palibe, boolani thabwalo mabowo a mamilimita 25 motalikirana masentimita 15, mutayamba mwalichotsa kuti musaboole mawaya ali kunsi. M'mawa uliwonse tukulani matiresi muwatsamiritse kwa theka la ola zenera lili lotsegula.

Kabati yokolowekamo zovala imawononga malo. Siyani mahang'ala anayi kapena asanu a zovala za kutchalitchi ndi kuntchito, kwinako ikani mashelefu ansalu olendewera, ndipo zovala muzizikulunga ngati mkeka m'malo mozipinda, kuti muziona zonse osafukula. Mabulangete a nyengo ina alowe m'matumba opopa mpweya, atauma gwa. Dziwani kuti matumbawa amachepetsa kukula kokha, kulemera kumakhala komweko. Anthu akaona malo atsala amawonjezera zina, n'kupitirira muyeso uja osazindikira. Bulangete limodzi mukhoza kulipinda n'kulilowetsa m'chikwama cha pilo, likhale khushoni masana.

Nsapato mapeyala atatu pa munthu. Zakuntchito ndi majombo zikhale m'bokosi lapulasitiki pakhomo kapena pansi pa tenti yapanja. Zovala zonyowa ziyanikidwe panja. Zikakanika, m'bafa chitseko chili chotseka ndi kazenera kakudenga kali kotsegula. Timabokosi tokoka chinyezi ta mchere wa calcium chloride timathandiza m'kabati yotsekedwa, koma tikhuthuleni musanayende, chifukwa madzi ake amadyetsa zitsulo dzimbiri ndi kuthimbiriritsa nsalu. Timabowo ta mpweya takudenga ndi tapansi timene opanga anasiya tisamatidwe ndi tepi.

Kamodzi pamwezi tulutsani za m'makona mupapase khoma. Likakhala lofewa ngati siponji, kapena pepala lake latupa, amenewo si madzi a mpweya koma mvula ikulowa pa msoko. Okonza makalavani amayeza chinyezi cha m'khoma ndi kamakina: kuchepera pa 15 peresenti palibe nkhawa, kupitirira 20 pafunika kufufuza.

8. Zokoloweka pakhoma

Khoma lili ndi magawo atatu omatidwa pamodzi: pulayiwudi ya mamilimita pafupifupi 3 m'kati, thovu louma loyera pakati, ndi aluminiyamu kapena fayibagalasi kunja. Sikuluu yaifupi ilibe pogwira, imazuka ndi jekete limodzi. Yaitali imatulukira kunja n'kutsegulira mvula njira. M'katimo mumadutsanso mawaya. Misomali ndiye iiwaleni.

Pomangirira pabwino ndi pa matabwa a mipando ndi m'mbali mwa makabati. Gogodani kaye: pomveka phwaphwa ndi pamphako, pomveka gwa pali mtanda. Chinthu cholemerako, monga choikamo zokometsera ndiwo, chimangeni ndi bawuti yodutsa mbali ya kabati, kuseri muike washala wamkulu ndi nati.

Timbedza tomata timagwira makiyi, zipewa ndi matawulo. Pukutani malowo ndi sipiriti, aume, kanikizani kwa masekondi 30, ndipo dikirani ola lathunthu musanakolowekepo kanthu. Kolowekani theka la kulemera kolembedwa pa paketi, popeza kalavani yotsekedwa padzuwa la ku Limpopo imatentha mpaka guluu kufewa. Pochotsa kokani pang'onopang'ono chotsitsa, apo ayi pepala lakhoma limatsatira. Kuseri kwa zitseko za makabati ndi kwa bafa kolowekani nsalu ya matumbamatumba yosungira nsapato, muziikamo sopo, mankhwala otsukira mano, machaja ndi zingwe. Pamene chitseko chinathyoka, chitenje pa kandodo ka makatani chimatchinga bwino ndipo sichilemera, bola chikhale kutali ndi sitovu.

Ngati kalavani ndi ya lendi, funsani eni ake musanaboole paliponse.

9. Tsiku loyenda

Khuthulani madzi a m'thanki, a m'chotenthetsera ndi a m'chimbudzi. Tsekani gasi pa silinda. Tsitsani zonse za pa tebulo ndi pa sinki, TV igone pakati pa makushoni pansi. Dinani loko wa kabati iliyonse ndi wa firiji, muyese kukoka. Katundu wapansi wapakati mumange ndi malamba kapena mumutchinge ndi makushoni kuti asathamangire kutsogolo mukaponda buleki. Ngati mwapitirira muyeso, zolemera zina zipite m'galimoto.

Kenako yezani kulemera kumene mphuno ya kalavani ikukanikiza pa kampira kokokera ka galimoto. Imikani pamalo athyathyathya, mangani handibuleki, ikani miyala kumatayala, kwezani miyendo inayi. Ikani sikelo yoyezera anthu kunsi kwa chokolera, pamwamba pake kathabwa, ndipo imikanipo mtengo wodulidwa mwakuti chokolera chikhale pa msinkhu wofanana ndi kampira ka galimoto. Pukusani chogwirira mukweze katayala kakutsogolo mpaka kulemera konse kukhale pa mtengowo, dzanja lanu lili kutali. Mulingo wozolowereka ndi 5 mpaka 7 peresenti ya kulemera kwa kalavani yolongedza. Ya makilogalamu 1,300 ikhale pakati pa 65 ndi 91. Koma onaninso malire a galimoto, amene pa magalimoto ambiri aang'ono ndi cha m'ma 75, ndi a chokolera, amene kawirikawiri ndi 100. Wotsika kwambiri ndiye lamulo lanu.

Mphuno ikalemera kwambiri, musathamangire kuika chigubu cha madzi kumbuyo kwenikweni kuti mulinganize. Sikelo ionetsa nambala yabwino, koma kalavani yolemera kumathero onse awiri ndiyo imapukusa mchira koopsa. Chotsani katundu kutsogolo, mumusendeze kufupi ndi ekiselo masentimita 30 kapena 50, n'kuyezanso. Ikapepuka kwambiri, sendezani ndowa ya ufa kutsogolo pang'ono.

Mukayenda makilomita 20 oyamba, imani pamalo abwino mulowe m'kati. Tsegulani makabati akudenga pang'onopang'ono, dzanja lina litatchinga kunsi. Chilichonse chimene mwachipeza chitatsamira chitseko kapena chitasuntha, chipatseni chotchingira kapena chitsitseni pansi musanapitirize ulendo.